Mafunso Anu pa Zandege: Kodi Ndege Zoyambazo Ankagula Ndani?

Mwezi uno ndasankha makalata asanu, ndipo onse akufunsa zakale, nthawi imene ndege inali chinthu chachilendo choti munthu akaimva kulira amasiya ntchito n'kutuluka panja. Ine ndakhala zaka zambiri ndikukonza tindege ting'onoting'ono, ndipo mbali iyi ya mbiri yake ndimaikonda kwambiri. Mafunso ena ndawafupikitsa.

FUNSO: Bambo, ine ntchito yanga ndi yogulitsa magalimoto. Galimoto munthu amaiona pamsewu, n'kuisirira, n'kubwera yekha kudzafunsa mtengo. Nanga munthu woyamba kugulitsa ndege ankamuuza chiyani kasitomala?

YANKHO: Bambo, mwafunsa pamene pali nkhani yonse. Kupanga ndege kunali kovuta, koma kuipezera wogula kunavuta koposa.

Wilbur ndi Orville Wright anaulutsa ndege yawo pa 17 Disembala 1903 pafupi ndi Kitty Hawk ku North Carolina. Ulendo woyambawo unatha masekondi 12 okha. Koma kuti ndalama yeniyeni ilowe m'thumba mwawo panapita zaka zoposa zisanu. Ankalembera maboma makalata, maboma osakhulupirira, iwonso osafuna kuonetsa ndegeyo asanasainirane pangano, poopa kuti ena awabera nzeru. Mu 1909 asilikali a America anagula ndege imodzi pa madola 30,000. Madola 25,000 unali mtengo wake, ndipo 5,000 anawonjezera chifukwa inathamanga kupitirira mamailosi 40 pa ola amene anagwirizana. M'panganomo munalinso mfundo imene ndikufuna muisunge: abale awiriwo anayenera kuphunzitsa asilikali awiri kuiyendetsa. Kuyambira pa malonda oyambawo, ndege sinkagulitsidwa yokha. Inkapita ndi mphunzitsi wake.

Ku France, Louis Blériot anatsatsa malonda ake mwa njira ina. Pa 25 Julayi 1909 anawoloka nyanja ya pakati pa France ndi England pa ndege yodzipangira yekha, Blériot XI, n'kulandira mphoto ya mapaundi 1,000 kuchokera ku nyuzipepala ya Daily Mail. Anthu ofuna ndege yonga yomweyo anamuunjikira, ndipo iye sanachedwe kutsegula sukulu yophunzitsa kuuluka ku Pau. Ogula a nthawi imeneyo anali amitundu itatu: maboma, anthu olemera okonda zoopsa, ndi anthu a zionetsero amene ankalipiritsa khamu lobwera kudzaonerera.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, zinthu zinatembenuka. Boma la America linatsala ndi ndege zophunzitsira zambirimbiri za mtundu wa Curtiss JN-4, imene anthu ankangoitchula kuti Jenny, ndipo zinayamba kugulitsidwa motchipa zedi. Mu 1923 mnyamata wina dzina lake Charles Lindbergh anagula Jenny pa madola 500 ku Americus m'chigawo cha Georgia. Anali asanaulukepo yekha popanda mphunzitsi, ndipo ulendo wake woyamba wa yekha anauchitira komweko, pa ndege imene anali atangoilipira. Anyamata ngati iyeyu ankayendayenda m'matauni ang'onoang'ono, kutera pa dambo la mlimi, n'kumakweza anthu kwa mphindi zochepa pa madola asanu.

Inu monga wamalonda mwaona kale vuto lake. Ndani angagule ndege yatsopano ya madola masauzande pamene yogwirapo kale ntchito ili pa 500? Makampani opanga ndege anavutika zaka zingapo, mpaka ma Jenny aja atatha ndi kuwola, kugwa ndi kukalamba. Komabe anyamata oyendayenda aja ine sindiwanyoza. Ndi iwo amene anakweza anthu wamba ndege koyamba, ndipo mwa ana amene anaima m'mphepete mwa madambo aja kuonerera munatuluka ogula a zaka khumi zotsatira.

FUNSO: Agogo, ndine mtsikana wa ku sekondale. Kodi munthu woyamba kugula tikiti ya ndege analipira zingati, ndipo sankaopa?

YANKHO: Mdzukulu wanga, ngati tikunena za ndege yamapiko yoyenda pa nthawi yoikika, munthuyo ndi Abram Pheil, amene kale anali meya wa mzinda wa St. Petersburg ku Florida. Pa 1 Januwale 1914 mpando woyamba unagulitsidwa pa okishoni, iye n'kupambana ndi madola 400. Ndegeyo inali ya mtundu wa Benoist, yonyamukira ndi kutera pamadzi, yonyamula wokwera mmodzi yekha pambali pa woyendetsa, Tony Jannus. Anawoloka kupita ku Tampa m'mphindi 23, ulendo umene pa sitima yapamadzi unkatha maola awiri, pa sitima yapamtunda kuposa apo. Okwera otsatira ankalipira madola asanu. Ntchitoyi inakhala miyezi inayi yokha, inanyamula anthu oposa 1,200, ndipo inatha pamene alendo obwera kudzathawa chisanu anabwerera kwawo. Ku Germany kampani ya DELAG inali itayamba kale kunyamula anthu kuyambira 1910, koma pa zibaluni zikuluzikulu za Zeppelin.

Pa 25 Ogasiti 1919 kampani ya Aircraft Transport and Travel inayamba ulendo wa tsiku ndi tsiku pakati pa London ndi Paris, pa ndege yankhondo yosinthidwa pang'ono. KLM ya ku Netherlands inabadwa chaka chomwecho, ndipo Qantas ya ku Australia mu 1920. Ziwirizi zilipobe mpaka lero.

Zoopa zinalipo, ndipo kuvutika kunali kwakukulu kuposa kuopako. Ndegezo zinkauluka m'munsi, momwe mphepo imagwedeza kwambiri, choncho ambiri ankasanza. Phokoso la injini linali loti okwera ankapatsidwa thonje lotseka m'makutu. Kunkazizira, ndipo woyendetsa ankapeza njira poyang'ana njanji ndi mitsinje pansi. Chifunga chikagwa ankatera m'munda n'kudikira.

Chimene mabuku a kusukulu satchula kawirikawiri n'chakuti matikiti a anthu sankakwanira kulipira mafuta, amakaniko ndi oyendetsa. Kumayambiriro kwa 1921 makampani onse a ku Britain anaimika maulendo awo kwa kanthawi chifukwa cholephera kupikisana ndi a ku France amene ankathandizidwa ndi boma lawo. Ku America chimene chinasunga ndege m'mwamba ndi makalata. Positi ofesi inayamba kutumiza makalata pa ndege pa 15 Meyi 1918 pakati pa Washington ndi New York, ndipo lamulo la 1925 linapereka ntchitoyi kwa makampani omwe si aboma. Thumba la makalata silisanza, silidandaula, ndipo boma linkalipira. Nthawi zina wokwera ankakhalira matumbawo.

Makampani anayesetsa kuchotsa mantha mwa anthu. Mu 1930 Boeing Air Transport inalemba ntchito Ellen Church pamodzi ndi anzake asanu ndi awiri kuti azisamalira okwera, ndipo onsewo anali anamwino. Koma kusintha kwenikweni kunabwera ndi Douglas DC-3, imene inauluka koyamba pa 17 Disembala 1935 n'kuyamba ntchito mu 1936. Inkanyamula anthu 21, ndipo ndiyo imadziwika kuti inali yoyamba kubweretsa phindu ponyamula anthu okha popanda kudalira makalata.

FUNSO: Henry Ford anapangitsa kuti munthu wamba akhale ndi galimoto. Bwanji sanachite chimodzimodzi ndi ndege?

YANKHO: Anayesa, achimwene. Kupatula ndege yake yaikulu ya injini zitatu, Ford Trimotor, imene zinapangidwa 199, Ford anapangitsanso kandege ka munthu mmodzi kotchedwa Flivver, kamene ankafuna kuti kakhale ka aliyense monga inalili galimoto ya Model T. Mu Febuluwale 1928 woyendetsa wake wokondedwa, Harry Brooks, anagwera nako m'nyanja pafupi ndi Melbourne ku Florida n'kufa. Ford anaisiyira pomwepo ntchitoyo.

Nthawi imeneyo anthu anali atapenga nazo ndege. Lindbergh uja wa Jenny anali atauluka yekha kuchokera ku New York mpaka ku Paris mu Meyi 1927, maola 33 ndi theka osatera, ndipo aliyense ankafuna kukhala iyeyo. Mumzinda wa Wichita ku Kansas makampani a ndege anamera ngati bowa. Kumeneko ndi kumene Clyde Cessna, Walter Beech ndi Lloyd Stearman anayambitsa limodzi kampani ya Travel Air mu 1925, asanapatukane aliyense kukayamba yake. Kenako chuma chinagwa mu 1929, ogula anazimiririka, ndipo ngakhale fakitale ya Cessna inatsekedwa mpaka 1934 pamene adzukulu ake a kwa mlongo wake, Dwane ndi Dwight Wallace, anaitsegulanso.

Munthu amene anafika pafupi ndi loto la Ford sanali katswiri wa ndege n'komwe. William T. Piper anali wa bizinesi ya mafuta a pansi ku Bradford m'chigawo cha Pennsylvania. Anaika madola 400 mu kampani yaing'ono ya C. G. Taylor, ndipo kampaniyo itagwa iye anagula katundu wake yense pa madola 761. Taylor ankadziwa kupanga ndege, Piper ankadziwa anthu. Piper ankaumirira kuti apange kandege kotchipa, kosavuta, ka anthu awiri, koti kazigwira ntchito yophunzitsira. Kandegeko kanatuluka mu 1930. Injini yoyamba imene anaikamo inkatchedwa Tiger Kitten, kutanthauza kamwana ka nyalugwe, ndipo inali yofooka moti kandegeko kanangodumpha pang'ono n'kubwerera pansi. Injiniyo anaichotsa, koma dzina la kamwana ka chilombo linatsalira, ndiye kandegeko anakatcha Cub, mawu a Chingerezi otanthauza kamwana ka chilombo. Ataikamo injini ya Continental ya mphamvu za akavalo 37, kanauluka bwinobwino, ndipo kankagulitsidwa pa madola 1,325.

Anthu awiriwa sanagwirizane nthawi yaitali, moti Piper anagula gawo la Taylor. Mu 1937 fakitale ya ku Bradford inapsa, Piper n'kusamukira ku Lock Haven m'nyumba imene kale ankalukiramo nsalu za silika. Kumeneko ndi kumene kunachokera Piper J-3 Cub, kandege kachikasu ka mzere wakuda m'mbali, kamene pa nthawi ina kanatsika mtengo kufika pa madola 995.

Ndinagwirapo ntchito pa Cub imodzi yakale, ndipo sindidzaiwala. Thupi lake ndi timapaipi tachitsulo towotcherera, tokutidwa ndi nsalu yopakidwa mankhwala oumitsa, moti ukaigogoda ndi chala imalira ngati ng'oma. Thanki yake ya mafuta, ya malita pafupifupi 45, ili kutsogolo kwa galasi, ndipo choyezera mafuta ndi kawaya kobayidwa pa kachinthu koyandama, kotulukira pa chitsekerero cha thankiyo. Kawayako kakamatsika, mafuta akutha. Ilibe sitata: munthu amaima kutsogolo n'kupukusa pulopela ndi manja, mnzake ali m'kati ataponda mabuleki. Woyendetsa akakhala yekha amakhala mpando wakumbuyo kuti kulemera kukhale bwino. Imathamanga makilomita pafupifupi 120 pa ola. Chilichonse chimene chingawonongeke pa iyo umachiona ndi maso, n'kuchifikira ndi dzanja. Kwa makaniko, imeneyo ndi mphatso.

Koma ine ndimati nzeru ya Piper sinali pa mtengo wokha. Iye anazindikira kuti munthu wosadziwa kuuluka sangagule ndege ngakhale itatchipa bwanji, ndipo wodziwa kuuluka amafuna mtundu umene anaphunzirirapo. Choncho kasitomala wake weniweni anali mphunzitsi wa pa kabwalo kakang'ono ka ndege, amene angagule Cub imodzi, n'kumaphunzitsa anthu motchipa, n'kubweza ndalama yake. Wogula Cub yatsopano ankapatsidwa maphunziro aulere a kuuluka, ndipo ankaloledwa kulipira pang'onopang'ono. Antchito a pa fakitale ankaphunzira kuuluka pa dola imodzi pa ola. Piper mwini anaphunzira ali ndi zaka 50, ndipo moyo wake wonse ankalimbikitsa matauni ang'onoang'ono kuti alambule mabwalo a ndege, podziwa kuti ndege yopanda potera ilibe ntchito. Boma la America litayamba ndondomeko yophunzitsa achinyamata kuuluka mu 1939, nkhondo ili pafupi, Cub ndiyo inali yokonzeka. Za mtundu wa J-3 zokha, kuphatikizapo zimene asilikali ankagwiritsa ntchito, zinapangidwa pafupifupi 20,000.

Ku Britain anafika pa nzeru yomweyo kudzera njira ina. Geoffrey de Havilland anaulutsa kandege kake ka Moth mu Febuluwale 1925. Mapiko ake ankapindika kuti kathe kusungidwa m'shedi yaing'ono. Boma linathandiza magulu a anthu okonda kuuluka kugula tindegeti, moti kalaliki kapena mphunzitsi wosatha kugula ndege yakeyake ankalowa gulu n'kumalipira pa ola. Kumenekonso sukulu ndiyo inatsogola, malonda n'kutsata pambuyo.

FUNSO: Kodi amayi analipo pa malonda amenewa, kapena inali ntchito ya abambo okhaokha?

YANKHO: Analipo, mayi, ndipo makampani ankawafuna. Louise Thaden anayamba ngati wogulitsa ndege za Travel Air ku California, ndipo maphunziro a kuuluka anali mbali ya malipiro ake. Mu 1929 anapambana mpikisano woyamba wa amayi wouluka kuchokera ku California mpaka ku Cleveland, ndipo mu 1936, pamodzi ndi Blanche Noyes, anagonjetsa amuna pa mpikisano wa Bendix, wothamanga pa ndege kudutsa dziko la America, pa ndege ya Beechcraft Staggerwing. Amy Johnson anagula Gipsy Moth yogwirapo kale ntchito n'kuuluka nayo yekha kuchokera ku England mpaka ku Darwin ku Australia mu Meyi 1930, ulendo wa masiku 19. Chimene chimandiwawa n'chakuti otsatsa malonda ankagwiritsa ntchito amayiwa pofuna kunena kuti kuuluka n'kosavuta, pamene zimene iwo anachita zinali zovuta kwa wina aliyense. Bessie Coleman, mayi wakuda wa ku America, anakanidwa ndi sukulu za kwawo, ndipo anachita kupita ku France kukatenga laisensi yake mu 1921. Pa zoyendetsa bizinesi, Olive Ann Beech anayambitsa kampani ya Beech Aircraft ndi mwamuna wake Walter mu 1932, ndipo mwamunayo atamwalira mu 1950 ndiye anaitsogolera kwa zaka zambiri.

FUNSO: Mnzanga akuti kale ndege zinkagulitsidwa m'sitolo momwe amagulitsiramo zovala. Ine ndamutsutsa. Wolondola ndani?

YANKHO: Mnzanuyo walondola, bambo. Chakumapeto kwa 1945 sitolo yaikulu ya Macy's ku New York inaika ndege ya Ercoupe m'kati mwa sitolo kuti anthu aione, aikhudze, aigule. Masitolo ena akuluakulu a ku America anachitanso chimodzimodzi. Ercoupe anaipanga ndi Fred Weick, ndipo cholinga chake chinali choti iziyendetsedwa ngati galimoto. Inalibe zopondera za kumapazi zokhotetsera chipsepse, zonse zinali pa chiwongolero, ndipo anaipanga mwa njira yoti isathe kugwa mozungulira, ngozi imene inkapha ophunzira ambiri masiku amenewo.

Opanga ndege ankaganiza motere: nkhondo yachiwiri yaphunzitsa anyamata miyandamiyanda kuuluka, akabwerera kwawo aliyense adzafuna ndege yake. Mu 1946 mafakitale a ku America anatulutsa tindege toposa 30,000, ndipo Ercoupe zokha zinaposa 4,000. Chaka chotsatira malonda anatsika ndi theka, ndipo chinacho anatsikanso. Mabwalo anadzaza ndi ndege zatsopano zopanda mwini. Makampani ambiri anatseka, ndipo Piper yemwe anatsala pang'ono kugwa mu 1947.

Zifukwa zake n'zosavuta kuzimva. Anyamata ochokera kunkhondo aja ankafuna nyumba, ukwati ndi galimoto, ndipo ena anali ataona zokwanira m'mwambamo moti sankafunanso kubwererako. Amene anagula anapeza kuti walira mvula walira matope. Ndege imafuna posungira polipira, inshuwalansi, makaniko wovomerezeka woiyendera chaka ndi chaka, komanso laisensi imene mwini wake ayenera kuivutikira. Bwalo la ndege lili kutali ndi nyumba, ndipo kumene ukupitako ukatera umafunanso galimoto. Choposa zonse ndi nyengo. Wogulitsa m'sitolo akanatha kukuonetsa chiwongolero, koma sakanatha kukuphunzitsa kuyang'ana mitambo n'kunena kuti lero sindinyamuka. Ndaonapo eni ndege abwino ndithu akugulitsa ndege zawo patangotha zaka ziwiri, ndegeyo ili bwinobwino, chifukwa choti pa chaka chonse anaiulutsa maola osakwana makumi awiri pamene ndalama zosungira zinkatuluka mwezi ndi mwezi.

Amene anapulumuka ndi amene anapeza anthu oti ndege ikuwagwirira ntchito: madokotala ndi amalonda oyenda mitunda italiitali, alimi a minda ikuluikulu, opopera mbewu mankhwala, ndi sukulu zophunzitsa kuuluka. Beechcraft Bonanza ya 1947 inapangidwira anthu a bizinesi. Cessna inasiya nsalu n'kupanga ndege zachitsulo chopepuka cha aluminiyamu, ndipo mu 1956 inatulutsa Cessna 172 ya anthu anayi, yokhala ndi tayala lachitatu kutsogolo m'malo mwa kumchira, zimene zinapeputsa kutera kwa wophunzira. Ankaigulitsa kudzera mwa anthu a pa mabwalo a ndege amene analinso ndi aphunzitsi ndi amakaniko pomwepo, osati m'masitolo a zovala. Za mtundu umenewu zapangidwa zoposa 44,000, kuposa ndege ina iliyonse, ndipo akuzipangabe. Mukapita pa sukulu ya zandege lero n'kupempha phunziro loyamba, mwayi waukulu ndi woti adzakukwezani pa 172.